Dengu Limene Ndinakwera Nalo Kumtunda kwa Domasi

Galuyo anafika pakhomo pathu ali m'manja mwa mkazi wanga, akadali kamwana kolephera ngakhale kukwera khonde. Anali wofiirira, wa khutu limodzi logwa, ndipo sanali wa mtundu uliwonse umene munthu angautchule monyadira. Ine ndinakana kuti akhale, koma anakhala. Mkazi wanga atamwalira, tinatsala awiri m'nyumba yathu ya kumunsi kwa mishoni ya Domasi: ine, mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndi iye, amene ankagona pakhomo la chipinda changa pa chitenje chakale cha malemuyo.

Chaka chimene matenda a shuga anayamba kundifooketsa, mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anagamula kuti ndisamukire kwa iye. Sindinatsutse kwambiri, pakuti ndinali nditagwapo kale kubafa popanda wondidzutsa. Vuto linali limodzi lokha. Nyumba imene mwana wangayo amakhala ndi ya lendi, ndipo mwini wake salola agalu.

"Adadi, galuyo ndiye ayi," iye anatero pa foni. "Mumupezere pokhala mwezi uno usanathe. Zikakanika, bambo a kunyumba kuno akuti kuli anthu a za ziweto amene amabaya jakisoni, galu n'kungogona osadzukanso. Akuti samva n'kuwawa komwe."

"Amene anakuuza kuti samva kuwawa ndi galu uti?" ndinamufunsa.

Iye anangondikumbutsa kuti galimoto ya katundu idzabwera kumapeto kwa mwezi.

Ndinayenda makomo onse oyandikana nane. Ena anati ali ndi nkhuku, ena anati galuyo wakalamba, ena anangoseka poganiza kuti ndikucheza. Mwezi unali utapita kale pakati pamene ndinakumana ku Naisi ndi mnzanga wina amene tinaphunzira naye limodzi za uphunzitsi tili anyamata. Iye anakwatira m'mudzi wina wa kumtunda kwenikweni kwa chigwa, m'dera la Malemia, kumene mtsinje wa Domasi umakhala ukadali waung'ono, ndipo atapuma pa ntchito anakhazikika komweko n'kumalima. Nditamufotokozera vuto langa, anawomba m'manja.

"Achimwene, mwandipeza pa nthawi yake. Apusi amatimaliza kumundaku chaka ndi chaka. Alamu anu manja anatupa ndi kuwomba zitini tsiku lonse. Mubwere naye Lachisanu. Koma ayende yekha pa miyendo yake, ndipo mumusiye ndinu ndi manja anu, kuti aone kuti nkhaniyi mwagwirizana nayo. Mukamutumiza ndi munthu wina adzathawa."

Lachisanu lija ndinadzuka m'mamawa. Ndinapukuta njinga yanga yakuda, ndinapopa matayala, ndipo pa kaliyala ndinamangapo dengu lalikulu ndi malegeni. M'dengumo ndinaikamo mbale ya galuyo, kathumba ka madeya, botolo la madzi ndi chitenje chija, nditachichapa ndi kuchipinda bwino. Ndinavala jekete ndi chipewa, pakuti sindinayambe ndalowapo pakhomo la munthu ndili ndi malaya okha. Miyendo ya thalauza ndinaipana ndi zopanira zovala kuti isadetsedwe ndi tcheni.

Chigawo choyamba cha ulendowu chinali chokoma, ndipo ndiyenera kuchichitira chilungamo. Unali mwezi wa Okutobala, koma dzuwa linali lisanakwiye. Phiri la Zomba linali kumanzere kwanga, la Malosa kumanja, onse awiri atachita utsi wa moto wa m'tchire. Ndinkapalasa pang'onopang'ono, galuyo akuthamanga mbali ya kumanzere kwa tayala lakutsogolo monga mmene ankachitira tikamapita kuchigayo. Nthawi zina ankatsalira kuti anunkhize chitsa, kenaka n'kundipeza lilime lili panja. Tinadutsa mishoni, tinadutsa minda yosoledwa kale yodikira mvula, mpaka msewu wafumbi unasanduka njira ya njinga, njirayo n'kusanduka kanjira kodutsa m'madimba a nzimbe ndi mpiru.

Pamene mtunda unayamba, ndinatsika n'kumakankha. Apo ndinakumana ndi amuna atatu akutsetsereka ndi njinga zodzaza matumba a makala. Ndinapatuka kuti adutse. Wakutsogolo anayang'ana galuyo, anayang'ana ine, n'kuseka.

"Madala, kuuzimba ndi jekete? Mbawala zikakupatsani ulemu ndithu!"

Ndinamuyankha kuti sindikupita kosaka, koma anali atadutsa kale, anzake akuseka m'mbuyo mwake. Ndinaona kuti n'kopanda phindu kufotokozera misana ya anthu.

Ngozi inachitikira pa ulalo. Pamalopo pali khwawa limene limathira mu Domasi, ndipo anthu anayalapo mitengo ya bulugamu. Ine ndinawoloka ndi njinga bwinobwino, koma galuyo anakana kuponda mitengoyo. Anatsikira m'munsi kuti adutse m'madzi, ndipo ali pakati ndinamva akulira kamodzi, mwachidule. Atatuluka anali akuyenda ndi miyendo itatu. Phazi lakutsogolo linali litang'ambika ndi botolo losweka, magazi akudontha pa mchenga.

Ndinakhala pa mwala, ndinatsuka balalo ndi madzi anga akumwa, n'kulimanga ndi kansalu kanga koyera ka m'thumba. Tinayesa kupitiriza. Iye anatsimphina kamtunda kochepa, kenaka anagona pansi pa mtengo wa mango n'kumandiyang'ana. Dzuwa tsopano linali litafika pamutu, ndipo dothi linali lotentha moti ndinkalimva kudzera m'nsapato. Kubwerera kunali kutali kuposa kupitiriza. Komanso kubwerera kunkatanthauza jakisoni uja, pakuti khomo lina loti ndigogode ndinalibe.

Choncho ndinatulutsa katundu m'dengu muja, ndinamangirira madeya ndi mbale ku handulo, ndipo ndinanyamula galuyo n'kumugoneka m'dengumo. Anadzipinda ngati kuti anabadwira momwemo. Pamwamba ndinavundikirapo chitenje chija, n'kuchimanga m'mbali mosiya mpata wa mpweya. Ndinadziuza kuti ndikumuteteza ku dzuwa, ndipo zimenezo zinali zoona. Koma panalinso chifukwa china. M'midzi yonse ya m'chigwachi muli anthu amene anakhalapo pansi m'kalasi langa, ena a iwo tsopano ndi akuluakulu a mipingo ndi a makomiti a sukulu. Munthu amanyamula pa njinga mbuzi, nkhuku, thumba la feteleza, ngakhale wodwala wopita kuchipatala. Koma mphunzitsi wa imvi, wovala jekete, akukankha njinga thukuta lili kamukamu, galu atakhala pambuyo ngati bwana, imeneyo ndi nkhani yoti ikambidwe pa mjigo mpaka mvula itagwa.

Ndipo pa mjigo ndinadutsapodi. Amayi anali pamzere ndi zidebe zawo, ndipo mmodzi anandifuulira.

"Abambo, mwanyamula chiyani tigule? Ngati ndi nsomba tsegulani, zingawole ndi dzuwali."

"Ndi katundu wa eni ake, mayi," ndinayankha osaima.

Mwamwayi galuyo anali atagona tulo ta kutopa, osagwedezeka n'komwe. Mtunda umene unatsala ndinaukwera ndikupuma pafupipafupi. Njinga inkalemera kumbuyo, ndipo kanjira kanali ka miyala. Ndinadya nthochi imodzi imene ndinali nayo m'thumba la jekete poopa shuga, ndipo ndinapitiriza mpaka ndinayamba kuona madenga a mudzi wa mnzanga uja pakati pa mitengo ya mango.

Polowera m'mudzimo ndinapeza masamba aawisi atayalidwa modutsa njira. Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake: pali maliro pafupi, wa njinga atsike, wa chipewa avule, ndipo onse adutse mwakachetechete. Ine ndinali wotsika kale, choncho ndinangovula chipewa. Ndinaganiza kuti ndidutsa m'mbali mwaulemu, n'kukafunsa za malirowo ndikafika kwa mnzanga. Kumudziko ndinali nditapitako kalekale, ndipo nyumba zinali zitachuluka. Ndinazindikira mochedwa, nditalowa kale pabwalo, kuti khamu la anthulo linali pakhomo limene ndinkapitalo.

Amuna anali atakhala pa mabenchi ndi pa njerwa pansi pa mtengo. Amayi anali pakhonde ndi m'nyumba, akuimba nyimbo ya mpingo chapansipansi. Chakumbali, kuseri kwa nkhokwe, kunali malo ophikira. Ndisanaganize chochita, bambo wina wachikulire ananyamuka n'kundigwira dzanja ndi manja ake awiri.

"Aphunzitsi, mwachita bwino kufulumira. Alamu anu atisiya dzulo madzulo. Anangoti mutu, mutu, n'kugwa pakhonde pomwepa. Uthenga tautumiza kumunsiko m'mawa uno, sitinadziwe kuti ukupezani msanga chonchi."

Mkazi wa mnzangayo ndinkamudziwa kuyambira pa ukwati wawo, ndipo pa maliro a mkazi wanga anagona kwathu mpaka zonse zitatha. Ndinkayenera kunena pomwepo kuti uthengawo sindinaumve, kuti ndabwerera nkhani ina. Koma bamboyo ankandithokoza, ndipo ine ndinangogwedeza mutu.

Pa maliro mlendo salowa ndi katundu wake m'manja, amalandiridwa. Pamene ndinkamvetsera bamboyo, amuna awiri anali atatenga kale njinga yanga n'kuitsamiritsa pa mtengo. Iwo anaona chimene aliyense akanaona: munthu wolemekezeka wafika pa maliro ndi dengu lalikulu, lovundikiridwa ndi chitenje chochapa bwino. Dengu lotere pa tsiku lotere limakhala la ufa, nyemba kapena ndiwo zina zothandizira anamfedwa. Anamasula malegeni mwaulemu.

"Dikirani pang'ono, m'dengumo," ndinayamba motero, koma ndinayankhula motsitsa mawu, monga mmene munthu ayenera kuyankhulira pa maliro. Nthawi yomweyo gulu la amayi ochokera mudzi wina linafika likulira, a m'nyumba n'kuwalandira ndi kulira kwawo, ndipo mawu anga anamira. Mmodzi wa amunawo anandiyankha momwetulira kuti ndisadandaule, afikitsa bwino. Nditatembenukanso, dengu linali pamutu pa mayi wina, likulowera kuseri kwa nkhokwe.

Ndikanatha kuthamanga. Ndikanatha kufuula. Koma kuti ndifuule kudutsa bwalo lonse la anthu olira kuti m'dengumo muli galu, pakamwa panga panakana. Bambo uja anali asanasiye dzanja langa. Ananditsogolera kumene kunali amuna, wina ananyamuka pa mpando wokhawo wa ndalema umene unalipo, ndipo anandikhazika pamenepo, patsogolo, poonekera kwa onse. Ndinakhala, chipewa chili pa maondo, ndikupemphera kuti amayiwo aliike dengulo pambali mpaka nditapeza mpata.

Kulira kutachepa, ananyamuka mwamuna wina amene ankalengeza za chipepeso. Nkhope yake ndinaikumbukira, anali mmodzi wa ophunzira anga akale. Anayankhula monyadira.

"Anamfedwa ndi nonse muli pano, aphunzitsi athu a kumishoni afika. Akwera mtunda wonsewu pa msinkhu wawo, ndipo sanabwere chimanjamanja. Abwera ndi dengu, lalandiridwa kwa amayi uko. Tiwathokoze."

Amuna onse anawomba m'manja mofatsa, mwa pamaliro. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Kuchokera pamene ndinakhala, malo ophikira ankaoneka pang'ono. Ndinaona amayi atazungulira dengulo. Ndinamva wina akunena kuti ndi lolemera, wina n'kuti likutentha, mwina ndi mbuzi. Kenaka mayi wina wamtali, wa duku lakuda, anawerama n'kumasula chitenje.

Galuyo anaimirira. Anayasamula, anadzigwedeza thupi lonse, fumbi la ulendo n'kuwazikira pa malichero ndi pa mabeseni a ndiwo zosadzula kale. Amayi anabalalika, wina anagwetsa chidebe cha madzi. Nyimbo ya pakhonde inaduka pakati pa mzere.

Akanathawira kutchire, mwina anthu ena sakanamvetsa bwino chimene chachitika. Koma iye anatuluka m'dengumo mosamala, anakweza mphuno, n'kuyamba kudutsa bwalo. Anayenda akutsimphina, kansalu kanga koyera kali ku phazi, pakati pa amayi okhala pansi, kenaka pakati pa amuna. Pa maliro a kumudzi pamabwera aliyense, ndipo tsikulo panali anansi achisilamu ovala mikanjo yoyera, amene kwa iwo kukhudzidwa ndi galu si nkhani yaing'ono. Iwo anangokweza mapazi ndi kusonkhanitsa mikanjo yawo m'manja pamene ankadutsa, ndipo ulemu wawowo unandipweteka kuposa chipongwe. Galuyo anafika pa mpando wanga, anazungulira kamodzi, n'kugona pa nsapato zanga atatsamiritsa chibwano pa bondo la mwendo wake wabwino.

Mayi wa duku lakuda uja anamutsatira pambuyo, chitenje chili m'manja. Ndinauzidwa pambuyo pake kuti anali mkulu wake wa malemuyo. Anaima patsogolo panga, maso ali ofiira ndi kulira, ndipo sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, ife kuno timadya mbewa, timadya ngumbi, koma izi sitinayambe. Kapena kumishoniko mwayamba? Tiuzeni, tiwotche kapena tiphike?"

Kumbuyo kwanga wina anayesa kubisa kuseka n'kukhala ngati akutsokomola. Wina anamutsatira. Kuseka kwa pa maliro sikumveka, kumangooneka m'mapewa, ndipo ndinaona mapewa akugwedezeka mzere wonse wa mabenchi. Wolengeza uja anali atakhala pansi, nkhope ili m'manja. Ndinaimirira kuti ndipepese, koma ine amene ndakhala moyo wanga wonse ndikukonza ziganizo za anthu ena, sindinathe kumaliza ngakhale chimodzi. Mayiyo anaponya chitenjecho pa mpando n'kubwerera kukauza anzake kuti atsukenso ndiwo zonse.

Patapita nthawi pang'ono, wina anadzandinong'oneza kuti bambo a panyumbapo akundiitana. Ndinamangirira galuyo legeni m'khosi n'kupita naye kuseri kwa nyumba. Mnzanga uja anali atakhala pa mphasa, atatsamira khoma, ali ndi malaya a dzulo. M'masiku ochepa chionanireni ku Naisi anali atakalamba ndithu. Ndinagwada pambali pake n'kumupepesa za maliro, kenaka za zinazo. Anayang'ana galuyo nthawi yaitali.

"Ndinati ayende pa miyendo yake, achimwene. Sindinati mumutumize kukhitchini."

"Anavulala pa ulalo. Ndipo za maliro sindinamve, ndikanamva sindikanabwera naye."

"Ndikudziwa. Mukanamva mukanavala tayi." Anaseka pang'ono, kusekako n'kuthera m'kupukuta maso. "Alamu anu ankamudikira, mukudziwa? Dzulo m'mawa anasesa pansi pa nkhokwe kuti azigona pamenepo. Ankati galu wa aphunzitsi ayenera kuti amadya ndi supuni, tikamupatsa madeya adzatikonza kayankhulidwe."

Ndinkachita manyazi kufunsa chimene ndinabwerera, pa tsiku lotere, kwa munthu amene mkazi wake anali chigonere m'nyumba. Koma iye anayamba yekha.

"Nkhani yathu ija yavuta. Inu mumakhala pa malo ogula, mwina munaiwala. Ine pano ndine mkamwini. Nyumbayi ndinamanga ndine, koma dothi lake ndi la akazi anga, munda ndi wa akazi anga, ngakhale apusi aja ndi a akazi anga. Miyezi ikapita, abale awo adzakhala pansi kuti andisudzule, andimasule ndibwerere kwathu. Mwina adzati ndikhale, mwina ayi. Lero sindingalonjeze malo ogona ngakhale kwa nkhuku."

"Ndiye ndibwerere naye?"

"Mukabwerera naye akathera kuti?"

Ndinamuuza za jakisoni. Anapukusa mutu.

"Ndiye kafunseni eni mudzi. Mawu a pakhomo pano tsopano ali ndi alamu anga."

"Ati?"

"A duku lakuda aja."

"Amene ndawaipitsira ndiwo aja?"

"Omwewo. Koma dikirani tiike kaye maliro. Ndipo popita kwa iwo chipewacho chikhale m'manja."

Chifukwa cha kutentha, mwambo wa maliro unachitika masana omwewo. Galuyo ndinamumangirira ku mtengo wa khola la mbuzi, kutali ndi anthu, ndipo ndinatsatira bokosi kumanda ndili kumapeto kwa mzere. Palibe amene ananditchulira nkhaniyo. Anthu ankangondipatsa njira mofulumira kuposa mmene ndinkafunira, ndipo amayi awiri amene ankayenda patsogolo panga ankatembenuka mosinthanasinthana. Pamene mbusa ankapemphera pa manda, maganizo anga anali pa ziganizo zimene ndikanene kwa mayi uja. Ndinazikonza, ndinazikonzanso, pemphero n'kutha ndisanamve ngakhale chiyambi chake. Mlamu wanga anayenera zoposa pamenepo kuchokera kwa ine.

Titabwerako kumanda, anthu atasamba m'manja ndi kudya, ndinapita kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndi kwa amayi, ndipo mwamuna wa msinkhu wanga safikako popanda chifukwa. Onse anasiya kutsuka mbale. Mayi wa duku lakuda anali atakhala pa mtondo wogoneka. Ndinanjuta patsogolo pake, maondo akulira, chipewa chili m'manja.

Ziganizo zonse zimene ndinakonza kumanda zinathawa. Ndinangonena zinthu mmene zinalili: kuti galuyo anali wa mkazi wanga, kuti ine ndikupita kukasungidwa ndi mwana ku Blantyre, kuti kumeneko galu saloledwa, kuti ndinamubisa m'dengu poopa kusekedwa m'njira, ndipo kuti akabwerera nane akaphedwa mwezi uno ukamatha.

Mayiyo anamvetsera osandiyang'ana, akupukuta manja pa chitenje chake.

"Ndiye munaopa kusekedwa ndi anthu a pa mjigo, n'kusankha kudzasekedwa ndi mudzi wonse?"

"Ndi momwemo, mayi."

"Sukulu imeneyi ndi yovuta ndithu." Amayi ena anaseka, tsopano mosabisa. "Kodi amauwa? Pabwalo paja sanauwe ngakhale kamodzi. Ife sitikufuna mlendo wongodya."

"Amauwa, mayi. Lero anatopa."

"Nkhuku amagwira?"

"Sanagwirepo. Mazira okha, kamodzi, ali wamng'ono."

"Mwamva, anzanga? Mazira okha." Anadzuka, ndipo tinapita limodzi ku khola kuja, amayi angapo akutitsatira chapatali. Galuyo atationa anaimirira ndi miyendo itatu n'kugwedeza mchira. Mayiyo anawerama, anamasula kansalu kanga, anayang'ana balalo, n'kuitanitsa madzi a mchere. Analitsuka mosanyengerera, galuyo akulira chapansipansi koma osamuluma. Kenaka anang'amba kansanza koyera n'kumanga bwino kuposa mmene ndinamangira ine.

"Mng'ono wanga anandiuza za galu ameneyu," anatero akumanga mfundo. "Anasesa malo ndi manja ake. Sindingamuchotse pamene mwini wake anakonza, thupi lake lisanazizire n'komwe m'manda." Anaimirira n'kuyang'ana kumene kunali mnzanga uja, amene anali atabwera n'kuima pa ngodya ya nyumba. "Koma ine sindiyenda ndi galu. Alamu, muzipita naye kumunda ndinu. Chimanga cha chaka chino chikadyedwa ndi apusi, ndidzafunsa nonse awiri."

Mnzangayo anawomba m'manja mofatsa. Chimanga chimene mayiyo ankanena chinali chisanadzalidwe n'komwe, ndipo kuti chidzafike pokolola panali miyezi yambiri. Ndinaona kuti iye wamva bwino lomwe kuti mpaka nthawi imeneyo palibe womubweza kwawo.

Ndinafunsa ngati ndingatenge dengu langa.

"Dengulo lisiyeni," mayiyo anatero. "Ndani angaikemonso ufa? Azigonamo mlendo wanuyo."

Ndinaliika ndekha pansi pa nkhokwe, pamalo osesedwa paja, ndinayalamo chitenje cha mkazi wanga, ndipo pambali ndinaikapo mbale ndi kathumba ka madeya. Ndinamutengera galuyo pamenepo n'kupereka legeni m'manja mwa mnzanga, galuyo akuona, monga tinapanganirana ku Naisi. Ndinamusisita pa khutu logwa lija kamodzi. Sindinathe kutero kawiri pamaso pa amayi onsewo.

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinatsanzika. Ndinakankha njinga kudutsa bwalo, chipewa chili m'manja, anthu amene anatsala akundiyankha moni wotsanzika mwaulemu wonse. Ndisanafike pa masamba aja, galuyo anayamba kuuwa kuseri kwa nkhokwe. Anauwa mwamphamvu, mosalekeza, pakhomo pamene panali patangoikidwa maliro, ndipo panalibe munthu m'mudzimo amene sankadziwa kuti akuitana yani. Ndinamva mawu a mayi uja akuuza anzake kuti, "Eya, amauwadi."

Nditadutsa masambawo ndinavala chipewa n'kukwera njinga. Njira yobwerera inali yotsetsereka yokhayokha, ndipo kaliyala anali wopanda kanthu, moti ndikanatha kufika kunyumba mofulumira. Koma mpaka pa ulalo paja ndinkangogwira mabuleki pa ngodya iliyonse, n'kumayang'ana kumanzere kwa tayala lakutsogolo.